Sikelo ikuti ndine wonenepa, bambo akunyumba ali ndi chimimba: ali pangozi ya mtima ndani?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe: "Ndili ndi zaka 44, kutalika kwanga ndi masentimita 160 ndipo ndimalemera makilogalamu 78. Kuchipatala anandiuza kuti BMI yanga yadutsa 30, ndiye kuti ndanenepa mopitirira. Bambo akunyumba ali ndi zaka 49, masentimita 170, makilogalamu 70, ndipo iwo anauzidwa kuti ali bwinobwino. Koma miyendo yawo ndi yoonda, chimimba ndiye chatsogola, lamba amamangira kunsi kwake. Ine thupi langa lili kumbina ndi m'ntchafu. Titayezana ndi tepi ya telala, iwo pamimba 98, pamatako 96. Ine pamimba 84, pamatako 112. Tsiku ndi tsiku amandinena kuti ndidzafa ndi mtima. Kodi ali pangozi ndani?"

Mayi, pa manambala mwatumizawa, woyamba amene ndingamuyeze BP ndi shuga ndi bambowo, inu pambuyo. Inunso chilipo choti musamale nacho, ndipo ndifikako. Koma mawu akuti "muli bwinobwino" amene bambo anauzidwa anachokera pa sikelo ndi pa kutalika kwawo basi, ndipo ziwirizi sizidziwa kumene mafuta akhala m'thupi la munthu.

BMI timaipeza potenga makilogalamu a munthu n'kuwagawa ndi kutalika kwake m'mamita, kenako n'kugawanso ndi kutalika komweko. Ya bambo ikutuluka 24.2, yanu 30.5. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 18.5 kulekezera 24.9 ndi thupi loyenera, 25 mpaka 29.9 ndi kunenepa, ndipo 30 kupita m'mwamba ndi kunenepa kwambiri. Anayamba masamuwa ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830. Munthuyu sanali dokotala. Anali katswiri wa masamu ndi zakuthambo amene ankafuna kudziwa mmene matupi a anthu a m'dziko lonse amakhalira mukawaphatikiza pamodzi. Dzina loti BMI linabwera mu 1972 ndi Ancel Keys wa ku America, nayenso ankaligwiritsa ntchito pofufuza magulu a anthu. Tsono chida chopangidwira chigulu tinachitenga n'kumaweruzira munthu mmodzi. Wonyamula matumba a chimanga pamsika, wa minofu yokhayokha, akhoza kukhala ndi BMI yofanana ndi ya kalaliki amene amatandala pampando tsiku lonse.

Sindikuti BMI ndi yachabe. Mu 2009 akatswiri anaphatikiza makafukufuku 57 a anthu pafupifupi 900,000, ambiri a ku Ulaya ndi ku North America, ndipo anapeza kuti imfa zinali zochepetsetsa mwa anthu a BMI ya pakati pa 22.5 ndi 25. Kupitirira pamenepo, BMI ikakwera ndi 5, ngozi ya imfa inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo a BMI ya 40 mpaka 45 moyo wawo unkafupika ndi zaka 8 mpaka 10. Kumtunda kumeneko palibe mkangano. Pamene BMI imasokoneza ndi pakatipa, pamene inu awiri muli.

Mafuta a m'thupi ali pawiri. Ena amakhala kunsi kwa khungu, aja mumatha kuwatsina ndi zala pantchafu, pamkono kapena pamatako. Ena amakhala mkati mwenimweni mwa mimba, kuseri kwa minofu. Ngati munatumbulako mbuzi yonenepa munawaona: kansalu koyera kaja kamene kamafunditsa matumbo, ndi zibuma za mafuta zimene zimakangamira m'mbali mwa matumbo ndi pa impso. Munthunso ali nawo amenewo. Chimimba cholimba, chotsogola, chimene ukachigwira sichitsinika kwenikweni koma chimangoti gwa, nthawi zambiri chimakhala chitakankhidwa ndi mafuta amkatiwa. Yesani kutsina pambali pa mchombo wa bambo, kenako tsinani panu. Mwina mupeza kuti inu zala zadzaza, iwo zagwira pang'ono chabe ngakhale mimba yawo ndiyo yaikulu.

Kuopsa kwa mafuta amkatiwa kuli pa njira imene magazi ake amadzera. Magazi ochokera m'matumbo ndi m'mafuta owazungulira sabwerera kumtima mwachindunji; amayamba alowa m'chiwindi kudzera mumtsempha umodzi waukulu. Mafuta amkati sakhazikika. Amasungunuka msanga n'kumathira tizidutswa tawo m'magazi, pamodzi ndi timadzi toyambitsa kutupa, ndipo zonsezo zimakakhuthukira m'chiwindi usana ndi usiku. Chiwindi chikadzaza mafuta chimasiya kumvera insulini, timadzi tochokera ku kapamba timene timatsitsa shuga m'magazi, ndiye chimangotulutsa shuga ngakhale pamene thupi silikumufuna. Kapamba amalimbana nazo potulutsa insulini wochuluka, mpaka zaka zikapita amatopa, matenda a shuga n'kuyamba. Chiwindi chomwecho chimatumiza m'magazi mafuta ambiri otchedwa triglycerides, mafuta ena a m'magazi otchedwa kolesterolo nawo amasokonekera: kolesterolo wabwino wotchedwa HDL amatsika, ndipo kolesterolo woipa amasanduka timibulu ting'onoting'ono tolowa mosavuta m'makoma a mitsempha. Insulini wochuluka amachititsanso impso kusunga mchere, ndipo mafuta ozungulira impso amazipanikiza, BP n'kukwera. Mukawerenga mupeza shuga, BP, mafuta oipa m'magazi ndi kutupa kwa mitsempha, zonse zinayi zikuchokera pamalo amodzi, ndipo zonsezi ndi njira zopita ku matenda a mtima ndi sitiroko.

Mafuta a kumbina ndi m'ntchafu khalidwe lawo ndi lina. Akalandira mafuta amawasunga nthawi yaitali, sawatulutsa wamba, choncho amateteza chiwindi, minofu ndi mtima kuti zisalandire katundu amene si wawo. Kwa amayi amene sanasiye kusamba, timadzi ta m'thupi totchedwa estrogen ndi timene timalozera mafuta kumeneko. Munthu amene kunsiku kulibe malo osungira, wa miyendo yoonda ngati mwafotokozayo, zotsala za chakudya chake zimasowa kolowera, zimathera m'mimba ndi m'chiwindi.

Woyamba kulemba za kusiyana kumeneku anali Jean Vague, dokotala wa ku Marseille m'dziko la France, mu 1947. Anaona kuti odwala ake onenepa chakumtunda ndiwo ankadwala shuga ndi matenda a mitsempha, pamene onenepa chakunsi ambiri ankangovutika ndi mawondo ndi mitsempha yotupa ya m'miyendo. Anzake sanalabadire kwenikweni kwa zaka zoposa 30. Zinthu zinasintha mu 1984 pamene ofufuza a ku Gothenburg m'dziko la Sweden anatulutsa zotsatira za amuna 792 amene anawatsatira kwa zaka 13, ndi amayi 1,462 amene anawatsatira kwa zaka 12. Anagawa muyeso wa pamimba ndi wa pamatako, ndipo nambala imeneyo inalosera matenda a mtima, sitiroko ndi imfa kuposa mmene kulemera kwa thupi kunkaloserera.

Kafukufuku amene ine ndimamudalira kwambiri pa funso lanu ndi INTERHEART, wotsogoleredwa ndi Salim Yusuf wa ku McMaster University ku Canada, chifukwa sanali wa azungu okha. Anachitika m'mayiko 52, ena a mu Africa monga South Africa, ndipo anayerekeza anthu amene mtsempha wodyetsa mtima unali utangowatsekekera koyamba, vuto lija amati heart attack, ndi anzawo a msinkhu womwewo amene sanadwalepo. Zotsatira zokhudza kunenepa zinatuluka mu 2005, za anthu pafupifupi 27,000. Ataganizira zinthu zina monga fodya, BP ndi shuga, BMI inatsala yopanda mphamvu kwenikweni, koma muyeso wa pamimba pougawa ndi wa pamatako unaimabe nji m'mitundu yonse ya anthu imene anayeza. Anaonanso mbali ziwiri zija: mimba ikamakula ngozi inkakwera, mbina ikamakula ngozi inkatsika.

Pa nkhani ya imfa, kafukufuku wa EPIC wa ku Ulaya anatsatira anthu oposa 359,000 kwa zaka pafupifupi 10 ndipo anatulutsa zotsatira mu 2008. Poyerekeza anthu a BMI yofanana, amuna a mimba zazikulu kwambiri ankafa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi a mimba zazing'ono kwambiri, ndipo kwa amayi kusiyanako kunali kochepera apo pang'ono. Chimene chikukhudza bambo akwanu n'chakuti mgwirizano umenewu unali wamphamvu kwambiri mwa anthu a BMI yotsika. Mu 2015 gulu la Francisco Lopez-Jimenez wa ku Mayo Clinic linaunika anthu a ku America oposa 15,000 ndipo linapeza kuti amene ankafa msanga kuposa onse anali a BMI yabwino koma a chimimba, kuposa ngakhale onenepa kwambiri amene mafuta awo sanaunjikane pamimba. Ndipo mu 2020 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kuunika kwa makafukufuku 72, a anthu oposa 2.5 miliyoni: masentimita 10 alionse owonjezereka pamimba ankakweza ngozi ya imfa ndi 11 peresenti, pamene ntchafu ndi mbina zokulirapo zinkayendera limodzi ndi imfa zochepa. Pa ntchafupo musaiwale kuti tepi imayeza minofu ndi mafuta pamodzi. Ntchafu yoonda kawirikawiri imatanthauza minofu yochepa, ndipo minofu ndiyo imameza shuga wambiri munthu akadya.

Wina anganene kuti mwina chimimba chimangoyendera limodzi ndi mowa, fodya ndi kukhala pansi, osati chimayambitsa matenda pachokha. Funso limenelo ndi labwino, ndipo pali maumboni awiri amene amandikhutiritsa. Mu 2017 ofufuza anayang'ana anthu amene anabadwa ndi chibadwa chounjika mafuta pamimba, chinthu chimene munthu sasankha ndipo sichidalira khalidwe lake, ndipo anapeza kuti iwowo amadwala shuga ndi mtima kwambiri ngakhale BMI yawo ikhale yofanana ndi ya anzawo. Umboni wina ndi wa mu 2004, wa Samuel Klein ku St. Louis: amayi 15 onenepa kwambiri anawapopa mafuta a kunsi kwa khungu la pamimba, pafupifupi makilogalamu 10 aliyense. Mimba zinaphwa, sikelo inatsika, koma shuga, BP, kolesterolo ndi kamvedwe ka insulini sizinasinthe. Chitsulo chopopera chija sichifika kuseri kwa minofu kumene kuli mafuta ovutawo. Amene akusunga ndalama zokapopetsa mimba kunja adziwe kuti akugula maonekedwe, mtima sapindula nazo.

Tsopano manambala anu. Malire a WHO a pamimba ali pawiri: kwa amuna ngozi imayamba pa masentimita 94 ndipo imakula pa 102, kwa amayi imayamba pa 80 n'kukula pa 88. Pogawa pamimba ndi pamatako, malire ndi 0.90 kwa amuna ndi 0.85 kwa amayi. Bambo ali pa 98, adutsa malire oyamba, ndipo 98 kugawa ndi 96 ndi 1.02, kumene kuli kupitirira kwambiri. Inu muli pa 84, mwadutsa malire oyamba pang'ono, koma 84 kugawa ndi 112 ndi 0.75, kutali ndi ngozi. Muyeso wachitatu, umene ine ndimaukonda kuposa yonse, ndi wogawa pamimba ndi kutalika. Bungwe lopereka malangizo a zaumoyo la NICE la ku Britain linauika m'malangizo ake mu 2022: pamimba pasafike theka la kutalika kwa munthu. Kuyambira 0.5 mpaka 0.59 ngozi yakwera, 0.6 kupita m'mwamba yakwera kwambiri. Bambo ali pa 0.58, atsala pang'ono kulowa gulu lomaliza. Inu muli pa 0.53.

Muyeso umenewu sufuna ngakhale tepi. Tengani chingwe, muyeze munthu kuchokera pamutu mpaka kuchidendene, mudule, mupinde pakati, kenako muzunguze pamimba. Nsonga zikalephera kukumana, mimba yapitirira. Chofunika ndi malo oyezera, chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa. Pezani nthiti yomaliza m'mbali, pezaninso nsonga ya fupa la m'chiuno, ndipo muyeze pakatikati pa ziwirizi, nthawi zambiri m'mwamba pang'ono mwa mchombo. Munthuyo aime chilili, avule malaya, apume mwa nthawi zonse, ndipo muwerenge akangotulutsa mpweya, asakoke mimba. Tepi ikhudze khungu koma isalowe m'mnofu, ndipo kumsana isatsike. Saizi ya thalauza musaikhulupirire. Bambo amene amamangira lamba kunsi kwa mimba akhoza kuvala saizi 34 zaka khumi osasintha, chimimba chikukulirakulira pamwamba pa lambayo. Ngati 98 uja munayeza pamene pamadutsa lamba, yezaninso; atha kupitirira 100.

Malire a 94 ndi 80 aja anachokera pa matupi a anthu a ku Ulaya, ndipo bungwe loona za matenda a shuga la International Diabetes Federation limati mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara azigwiritsa ntchito omwewo podikira athuathu. Matupi amasiyana ndithu. Mu 2004 madokotala awiri, Chittaranjan Yajnik wa ku India ndi John Yudkin wa ku Britain, anajambulitsa limodzi m'magazini ya The Lancet: onse BMI 22.3, koma mafuta a m'thupi la Yajnik anali 21 peresenti, a Yudkin 9 peresenti. N'chifukwa chake NICE imatsitsa malire a BMI kwa anthu ochokera ku South Asia ndi kwa anthu akuda, kufika pa 23 ndi 27.5 m'malo mwa 25 ndi 30; mukanakhala ku Britain, BMI ya bambo ya 24.2 ikanawerengedwa kuti ndi kunenepa. Kuno ku Africa, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018, wophatikiza anthu oposa 24,000 a m'mayiko angapo a kum'mwera kwa Sahara, anapeza kuti mavuto a BP, shuga ndi mafuta a m'magazi amayamba kuonekera pa masentimita pafupifupi 81, kwa amuna ndi amayi omwe. Kwa amayi nambalayi ikufanana ndi ya ku Ulaya. Kwa amuna ikutanthauza kuti 94 akuchedwa kuwachenjeza. Pakati pa zonsezi, theka la kutalika ndilo limasokoneza pang'ono, chifukwa limadzisintha lokha malinga ndi kutalika kwa munthu.

Inu, mayi, mbina isakupusitseni. Choyamba, ofufuza a ku Cape Town, monga Julia Goedecke, aonetsa kuti amayi akuda amakhala ndi mafuta amkati ochepa poyerekeza ndi amayi achizungu a thupi lofanana, komabe matupi awo samvera insulini bwino. Ndiye kuti kwa ife chitetezo cha mbina si chathunthu. Chachiwiri, thupi lolemera limavutitsa mtima ngakhale mafuta akhale pati: magazi oti apopedwe amachuluka, BP imakwera, makoma a mtima amakhuthala, ndipo mawondo nawo amalira. Kuno kwathu zimene zimadzaza mawodi kwambiri ndi sitiroko ndi mtima wofooka chifukwa cha BP ya nthawi yaitali, kuposa heart attack imene makafukufuku ambiri a ku Ulaya ankawerenga. Chachitatu ndi msinkhu wanu. Mukasiya kusamba, mwina m'zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zikubwerazi, estrogen adzatsika ndipo mafuta adzayamba kusamukira pamimba ngakhale sikelo isasunthe. Amayi ambiri amadabwa kuti chitenje chayamba kuchepa pamimba pamene kulemera kuli komwe kuja. Lembani 84 ameneyu penapake ndi tsiku lake, muzidzayezanso chaka ndi chaka.

Nkhaniyi si ya banja lanu lokha. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU litayeza anthu pafupifupi 29,000 ku Area 25 mu Lilongwe ndi kumidzi ya ku Karonga pakati pa 2013 ndi 2016, linapeza kuti onenepa anali amayi 44 mwa 100 alionse m'tauni ndi 27 kumudzi, amuna 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Manambala a amunawo akuoneka ochepa, ndipo ndi amene amachititsa kuti uthenga wa kunenepa uzipita kwa amayi okha. Koma amenewo ndi manambala a BMI. Bambo ngati akwanuwo sawerengedwamo. Onjezerani kuti kwathu kuno chimimba cha bambo timachilemekeza, timati ndalama zayamba kuoneka, mkazi akusamala bwino. Zaka zimene Edzi inkasesa anthu zinawonjezera mantha a kuonda, moti mpaka lero munthu akatsika thupi anthu amanong'onezana. Ndimamvetsa kumene maganizowa anachokera, koma aphetsa amuna ambiri a zaka za m'ma 40 ndi 50 amene sanayezetsepo BP chifukwa ankaoneka odya bwino.

Bambo atha kukutsutsani ndi nkhani ina imene inamveka kwambiri. Mu 2013 Katherine Flegal wa ku America anasindikiza kuunika kosonyeza kuti anthu a BMI ya 25 mpaka 29.9 ankafa mocheperako pang'ono poyerekeza ndi a BMI yabwino. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti m'gulu la "thupi loyenera" mumalowa osuta fodya, odwala khansa kapena TB amene ayamba kale kuonda, ndi okalamba amene minofu yatha. Ofufuza ena atachotsa osuta ndi odwala kale mu 2016, imfa zochepetsetsa zinabwerera pa BMI ya 20 mpaka 25. Komanso m'gulu lomwelo ndi mmene mumabisala a chimimba ndi miyendo yoonda, amene amalikweza imfa. Ndiye nkhani imeneyo, m'malo mowathandiza bambo, ikuwaloza iwo omwe. Simunanene ngati amasuta. Osuta amakhala opepuka pa sikelo koma mafuta awo amakonda pamimba, ndipo ngati amasuta, fodyayo ndi woopsa kuposa masentimita onse takambiranawa.

Musanaweruze kuti ndi mafuta, dziwani kuti si mimba yaikulu iliyonse ili ya mafuta. Mimba imene yakula m'masabata kapena miyezi yochepa, miyendo ikutupa, maso akuchita chikasu, kapena munthu akuonda kwina konse, ikhoza kukhala madzi obwera chifukwa cha chiwindi chowonongeka ndi mowa, hepatitis B kapena likodzo, kapenanso chifukwa cha mtima wofooka, impso kapena TB ya m'mimba. Kwa amayi pali zotupa za m'chiberekero. Zimenezo n'zofunika dokotala msanga, osati kuthamanga m'mawa. Amene ali pa ma ARV nawo ali ndi nkhani yawo: mankhwala akale a stavudine ankaphwetsa masaya, manja ndi miyendo, ena mimba n'kutsala yaikulu, ndipo anasiyidwa pa chifukwa chimenecho mwa zina; a masiku ano a dolutegravir amanenepetsa ena, makamaka amayi, monga anaonetsera kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg mu 2019. Ameneyo asasiye mankhwala. Auze a kuchipatala kuti aziyezedwa BP ndi shuga pokatenga mankhwalawo.

Chosangalatsa n'chakuti mafuta amkati, chifukwa chosakhazikika kuja, ndiwo amayamba kuchoka munthu akasintha kadyedwe ndi kayendedwe. Robert Ross wa ku Canada anaonetsa mu 2000 kuti amuna amene ankachita masewera olimbitsa thupi tsiku lililonse anachepetsa mafuta amkati ngakhale pamene kulemera kwawo sikunasinthe. Choncho bambo asayang'ane sikelo. Makilogalamu 70 awo atha kukhala pomwepo, chofunika n'chakuti tepi itsike kuchoka pa 98 kulowera ku 85, limene ndi theka la kutalika kwawo, ndipo ntchafu zikhwime. WHO imalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kuyenda ndawala kapena ntchito yotulutsa thukuta, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Kukwera chitunda, kupalasa njinga, kulima, kukhala pansi n'kudzuka pampando mobwerezabwereza, zonsezi zimamanga miyendo. Zija zogona chagada n'kumadzutsa mutu zimalimbitsa minofu ya pamimba koma sizisungunula mafuta a pamalopo, ndipo malamba omanga mimba ndi tiyi wochepetsa thupi amene akugulitsidwa pa Facebook ndi kutaya ndalama.

Pa chakudya ndinganene zochepa, chifukwa mukudziwa kale kumene vuto lili. Mowa wa madzulo alionse ndi kanyenya wake, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, masupuni atatu a shuga mu tiyi, mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera ndi ndiwo zochepa, tchipisi cha masana kuntchito. Chotsani mtanda umodzi, malo ake alowe masamba ndi nyemba, ufa ukhale mgaiwa pamene mungathe, ndipo mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi kakang'ono, kuwerengera ndi wa m'timakyubu tokometsera ndiwo. Kwa inu, kutsitsa makilogalamu 4 kapena 5 n'kokwanira kuyambira. Kafukufuku wa ku America wa mu 2002 anapeza kuti anthu amene anali pafupi kudwala shuga, atalimbikitsidwa kutsitsa 7 peresenti ya thupi lawo ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata, ngozi yawo ya shuga inatsika ndi 58 peresenti. Simukufunika kuchotsa mbina, ndipo siingachoke yonse ngakhale mutafuna.

Tepi siipeza matenda. Imangokuuzani amene ayenera kukayezetsa msanga. Pitani nonse awiri, m'mawa musanadye. Pemphani BP, ndipo ikapezeka pa 140/90 kapena kupitirira, iyezedwenso tsiku lina musanagamule. Pemphani shuga wa munthu wosadya: 7.0 mmol/L kapena kuposa, akapezeka kawiri, ndi matenda a shuga, ndipo 6.1 mpaka 6.9 ndi chenjezo. Kumene kuli makina ake, yezetsaninso kolesterolo ndi triglycerides. Muwauze a chipatala ngati kholo kapena mbale wa aliyense wa inu anadwalapo sitiroko, shuga kapena mtima asanakalambe, komanso ngati inu munavutikapo ndi BP kapena shuga muli oyembekezera, chifukwa zimenezo zimasintha mawerengedwe a ngozi yanu. Ngati bambo amaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, zinenedwenso, popeza vuto limenelo limayenda ndi chimimba ndi khosi lalikulu ndipo limakweza BP. Ikapezeka BP yokwera, mankhwala ayambidwe pomwepo mmene adokotala anenere, osadikira kuti mimba iyambe yaphwa, chifukwa kuphwa kwa mimba kumatenga miyezi.